Mapiritsi Amene Ndapeza M'thumba la Siketi Yako

Wezi mwana wanga,

Kalatayi ndikulembera pa thebulo lositira kuno kuloji, dzuwa lili paliwombo, simbi ndazimitsa. Zovala zako za paulendo ndasita zonse, yatsala siketi yabuluu ija. Unati ubwera kudzazitenga ikamakwana folo, ndiye ndili ndi maola atatu oti ndinene zimene zandikanika zaka khumi ndi zisanu. Mawa ukukwera basi ya ku Joni, kenako ina mpaka ku Kepi kwa azakhali ako, ndipo sindikudziwa kuti ndidzakuonanso liti. Malangizo ndinali nditakonza kale, aja amanena mayi aliyense: uzipemphera, usamale pasipoti, amuna a kumeneko ndi a pakamwa pokoma. Lero onsewo abalalika, sindikudziwanso poyambira.

Ukudziwa kuti ine chovala sindichinyika kapena kuchisita ndisanapise m'matumba. Alendo a pano amaiwalamo makiyi, zolembera, tizigoba ta m'nyanja, ndiye dzanja langa linazolowera, limapisa lokha. M'thumba la siketi yako ndapezamo kampango komanga mfundo ziwiri. Nditamasula ndapeza mapiritsi. Sindinachite kuwerenga dzina lake, ndawadziwa pongowaona, chifukwa inenso ndimamwa omwewo. Werenganso ngati ukufuna. Ine mayi ako ndili ndi matenda a shuga, ndipo ndakhala nawo kuyambira uli Sitandade 6.

Ndakhala pansi pomwepo pa mulu wa matawulo. Choyamba ndakwiya. Ndati mwana uyu, wodya m'mbale imodzi ndi ine, angandibisire bwanji chinthu chotere? Ndakumbukira mmene wakhala ukumwera madzi miyezi yapitayi, ndi pini uja wamanga m'chiuno mwa siketi, ndi mmene unakalipira mng'ono wako chifukwa cha supuni chabe. Zonsezo ndinaziona, ine katswiri wa matendawa, koma ndinkati ndi maganizo a ulendo. Kenako mkwiyo unanditembenukira. Kubisako unakuphunzira kwa yani? M'nyumba mwathu mphunzitsi wake ndi mmodzi yekha, ndipo ndi amene akukulemberayu.

Ndiyambe ndi kulakwa kwanga koyamba, ngakhale mpaka lero sindidziwa ngati kunali kulakwadi. Ndinabwera kuno kuchokera ku Nsanje ndili mtsikana, kudzachapa zovala za alendo, Chitonga sindikudziwa ngakhale moni. Bambo ako anandikwatira abale awo akung'ung'udza kuti akazi atha kodi ku Chintheche kuno. Patapita zaka ndinayamba kuonda, ndipo mawu anayenda kuti mkazi wa kuloji wabweretsera mwana wa eni kachilombo. Ku chipatala atandiuza kuti ndi shuga ndinabwerera ndikumwetulira njira yonse, ndikuti tsopano ndayera. Anandilangiza kuti ndichepetse kondowole, ndizidya mgaiwa pang'ono ndi masamba ambiri. Ine kupusa kwanga ndinagula ufa wa mgaiwa, ndinaphika kamphika kangakanga pambali, agogo ako akuona. Sindinawauze chifukwa chake, ndinkadikira kuti andifunse.

Sanafunse. Anangoyang'ana kamphikako, nati, "Ama, kondowole mukuinyozayi ndi imene inalera mwamuna mukugona naye m'nyumbayo. Ngati chakudya chathu chikukununkhirani, msewu wa kumwera simunauiwale." Tsiku lomwelo ndinawamva akuuza mnzawo za banja lina la ku Kande, kuti ana awo aakazi sakukwatiwa chifukwa mtundu wawo uli ndi matenda a m'magazi. Ndinayang'ana iwe ukusewera fulaye pabwalo, ndinatseka pakamwa. Ufa uja ndinaupereka kwa mlonda wa pano. Ndinabwerera ku kondowole, ndikutema pang'onopang'ono ndi kunamizira kuti ndadya kale kuntchito. Kwa eni kudyetsa nthanga dzungu ulifuna. Mapiritsi ndinawabisa m'chitini cha mabatani, ndipo ali momwemo mpaka lero, pa shelefu ili kumbuyo kwangayi. Anadziwa ndi bambo ako okha, ndipo ndinawalumbiritsa.

Tsono phunziro lake ndi lotani? Ndinkafuna ndilembe kuti usabise. Koma agogo ako akanamva, mwina akanandibwezadi kwathu, iwe n'kukula wopanda mayi. Mwinanso akanandimvera chisoni, pakuti sanali munthu woipa, anali wouma pakamwa chabe. Anamwalira ndisanawayese. Chimene ndikudziwa ndi chimodzi, Wezi: pakhale munthu mmodzi wodziwa, ndipo munthuyo akhale pafupi nawe.

Tsopano za maliro a ku Kande aja, amene iwe ukuwadziwa mwanjira ina. Anali a amalume awo a bambo ako. Ndinadzuka m'mawa, ndinamwa piritsi ndi tiyi wopanda shuga, ndikuti ndikadya konko. Ndinayenda wapansi nditavala bulawuzi yoyera ndi duku la amayi a bungwe la ku mpingo. Ukudziwa mmene zimakhalira: mtengwa pa maliro a kuchimuna sakhala pansi. Kutunga madzi ndi ife, nkhuni ndi ife, ndipo palibe amene amaika kanthu kukamwa thupi lisanalowe m'manda. Panali chinangwa chophika m'beseni cha anthu okumba manda. Ndinachiyang'ana kawiri. Koma mtengwa, Msena, wovala zoyera, n'kumatafuna maliro ali m'nyumba? Ndinameza malovu, ndinakafola pamzere wa onyamula nkhata.

Za kumanda ndimakumbukira pang'ono chabe. Ndikukumbuka thukuta lozizira, manja akunjenjemera, nyimbo ikumveka ngati ikuchokera kutsidya. Zotsalazo ndinachita kumva kwa anthu. Akuti ndinayamba kudzandira, ndinagwetsa nkhata, ndinaseka abusa ali pakati pa pemphero. A Nyalongwe, amene ankatsogolera amayi a bungwe, atandigwira mkono ndinawakankha, n'kuyamba kulankhula Chisena mokweza. Chitonga chonse chimene ndinachivutikira zaka zija chinathawa. Bambo ako anali mbali ya amuna, kutali, sanaone kanthu. Pofika iwo amayi anali atandikokera kale kuseri kwa nyumba, wina akundinunkhiza kukamwa. Anathamanga kukatapa shuga wa tiyi wa pamaliro, nasungunula m'kapu, nandimwetsa. Posakhalitsa ndinabwerera, ndinapeza duku lili m'fumbi ndipo maso onse ali pa ine.

Apa pokha ndili ndi malangizo osakayikitsa, ndiye uwagwire. Ukamwa piritsi, idya. Kaya uli pa maliro, kaya madamu amene ukukawagwirira ntchito ku Kepi akufuna ana apite kusukulu msanga, kaya basi yaima pa malire ndipo ukuopa kuti ikusiya, idya. Manyazi a kutafuna pagulu amatha tsiku lomwelo. Anga aja sanathe mpaka lero.

Lachinayi lotsatira anandiitana kukachipinda ka kuseri kwa tchalitchi. Munali akuluakulu a mpingo atatu ndi a Nyalongwe. Panjira bambo ako anandiimitsa pansi pa mtengo wa mango, nati, "Anyina Wezi, tengani buku la kuchipatala muwaonetse, nkhani ithere pomwepo." Buku ndinali nalo m'chikwama. Ndinalowa nalo. Mkulu wina anandilankhula pang'onopang'ono ngati akulankhula ndi mwana, nati, "Ama, sitinakuitanireni kuti tikuchititseni manyazi. Timve kwa inu. Munalawa?" Dzanja langa linali pa buku. Ndinati, "Ndinalawa, ada." A Nyalongwe anapumira m'mwamba, nati, "Yewu, mwanena zoona, Chiuta akuthandizani."

Ndinavomera mowa umene sindinaulawepo chibadwire. Undifunsa chifukwa chake, ndipo ndadzifunsa ndekha zaka zonsezi ndikusita nsalu za anthu. Ndikuganiza kuti ndinawerengera motere: woledzera amadulidwa, amalowa kalasi, akalapa amamubwezera, nkhani yatha. Koma shuga salapidwa. Ndikanatulutsa buku lija, pofika madzulo agogo ako akanamva, abwana a pano akanamva kuti wogwira simbi yamoto amagwa, ndipo iwe ukanakhala mwana wa mtundu wodwala. Ndinaona ngati ndasankha chopepuka. Komanso, ndinene zoona, ndinalibe mawu. Kufotokoza m'Chitonga kuti munthu wa shuga wambiri wagwa chifukwa shuga wachepa, pamene ine mwini sindinkamvetsa bwino, ndinaona kuti andiseka kachiwiri. Anandilanda bulawuzi ndi duku, ndinakhala chaka osadya mgonero. Atandibwezera, dzina la chidakwa silinachoke.

Amene analipira ndi iwe. Ndikudziwa zimene ankakuitana kusukulu. Ndikudziwa chifukwa chake unasiya kuyenda nane popita kutchalitchi, n'kumati ukudikira anzako a kwaya. Tsiku lina ndinakuona pa zenera utanyamula kapu yanga, ukuinunkhiza, kenako ukufufuza kuseri kwa thumba la makala. Unali ndi zaka khumi ndi zitatu. Ndinaima panja mpaka unamaliza, ndinalowa ndikuimba nyimbo kuti undimve. Ndinkadziuza kuti ndikukuteteza. Ndinakuteteza kuti asakunene mwana wa wodwala, n'kukusiya akunene mwana wa chidakwa. Nzeru zake zinali pati pamenepo? Pepa, mwana wanga. Ndilibe mawu ena oposa amenewa.

Kulakwa kwina ndi uku. Atandidula ndinayamba kuwaopa mapiritsi, ndikuti ndi amene anandigwetsa. Ndinawasiya osauza munthu, ngakhale bambo ako, n'kumamwa madzi a masamba owawa amene mayi wina wogulitsa usipa anati amatsuka magazi. Miyezi ingapo ndinkaona ngati zikuyenda. Kenako maso anayamba kuchita chifunga, ndinapsereza malaya a mlendo koyamba m'moyo wanga, ndipo kachilonda ka pachala cha kuphazi kanakana kupola. Chipsera chija ndinakuuza kuti ndi mbedza ya bambo ako. Usasiye mankhwala chifukwa cha mantha kapena chifukwa cha mawu a munthu wa pamsika. Ngati akukuvuta, bwerera kwa amene anakupatsa ukawauze. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinalidya lambiri.

Koma chimene ndikufuna umve kwambiri si cha phazi kapena maso. Palibe amene anandiuza kuti matendawa amalowanso mumtima. Nthawi imeneyo ndinkadzuka m'mawa thupi lili bwino, koma osaona chodzukira. Ndinkabwera kuno, kutseka chitseko, n'kumalira nsalu zikuuma panja, ndipo ukanandifunsa chimene ndikulira sindikanakuuza. Chakudya chilichonse chinali mlandu. Ndikadya ndinkaopa, ndikapanda kudya ndinkaopanso. Ndinkakalipira inu ana pa zinthu zopanda pake, kenako n'kudzida. Masiku ena ndinkalakalaka nditangogona osadzukanso. Ndinkati ndi chilango cha bodza ndinanena m'tchalitchi lija. Nthawi zina ndinkati ndi kulakalaka kwathu. Mpaka pano sinditha kusiyanitsa kuti apa ndi shuga, apa ndi chisoni, apa ndi kutopa kokhala mlendo pamalo pamene wabalapo ana anayi. Zonse zinasakanikirana ngati zovala za m'beseni limodzi.

Ndakuona masabata awa ukukhala pakhonde n'kumangoyang'ana foni yozima. Ndakuona ukuseka mochedwa anzako ataseka kale. Ndikuzidziwa zimenezo, Wezi. Si ulesi, si kusowa chikhulupiriro, ndipo si misala. Zikakupeza ku Kepi, m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya eni, kunja kukuzizira ndipo aliyense akulankhula zake, usadzitsekere. Pakhale munthu mmodzi wodziwa.

Ine chinandithandiza ndi chinthu chaching'ono moti ndikuchita nacho manyazi. Nditabwerera ku chipatala ndi phazi lija, ndinapeza namwino wachilendo. Anzake onse ankangondibaya chala, kulemba nambala, n'kundikalipira kuti ndikudya zotsekemera. Uyu anawerenga dzina la kwathu pa buku, anandiyang'ana, nandipatsa moni m'Chisena. Kenako anafunsa, "Nanga mtima uli bwanji, mayi?" Ndinalira mpaka anthu a pamzere anayamba kusuzumira. Anatseka chitseko, nandisiya ndilankhule. Ndinamuuza zonse, za maliro, za mowa, za iwe ndi kapu. Sanandipatse mankhwala a mtima ayi. Anandisinthira kamwedwe ka mapiritsi, nandifotokozera bwinobwino chifukwa chake ndinagwa, nati anthu ambiri a shuga amamva chisoni chotere ndipo ndizibwera kudzanena. Anakhala miyezi yochepa, anamusamutsa. Koma kuyambira pamenepo ndinadziwa kuti chinthucho chimanenedwa. Ukapita ku chipatala kumeneko, akakufunsa za nambala zokha, iwe uwauzenso za mtima, ngakhale m'Chingerezi chothyokathyoka. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Tsono uuze yani? Apa ndi pamene mutu wanga waima. Ndikati uuze azakhali ako, ndikuwadziwa: foni yawo siigona, ndipo Lamulungu lisanafike Chintheche yense adzakhala atamva. Ndikati uuze madamu amene ukukawalerera ana, mwina adzaopa kukusiyira khanda, n'kutenga wina, pakuti ofuna ntchito kumeneko ndi ambiri. Ndikati usawauze, nanga tsiku limene udzanjenjemere uli ndi mwana wawo m'manja? Adzati Mmalawi waledzera pantchito. Adzakuweruza m'chilankhulo chawo, ndipo iwe udzapeza kuti kuvomera n'kwapafupi kuposa kufotokoza. Ndikuopa zimenezo kuposa china chilichonse. Ndalemba kuti uwauze, ndafufuta, ndalembanso. Ukuona pamene pada apa. Ndikuganiza kuti uwauze, koma usankhe tsiku limene uli bwino, wadya, ndipo aona kale ntchito ya manja ako. Ngati ndalakwitsa, undikhululukire, ine Kepi ndimangomuona pa makalendala.

Za azakhali ako, mwina ndikuwanamizira. Anthu a kuno ndawaopa zaka zambiri, ndipo sindinawapatse mpata. A Nyalongwe omwe aja, chaka chatha anandipeza pamzere wa a shuga ku chipatala, buku lawo lili m'manja. Tinayang'anana. Anati, "Mwabwera kudzaona wodwala, ama?" Ndinati eya. Iwo anati nawonso. Tinakhala benchi limodzi mpaka masana, amayi awiri a imvi, aliyense akudikira kuti mnzake achoke asanaitanidwe dzina. Ndikaganiza ndimaseka, kenako ndimafuna kulira. Usadzakhale ngati ife.

Pali chinthu china chimene uyenera kudziwa chokhudza bambo ako. Ukukumbuka maswiti aja amakhala m'thumba la malaya awo? Muli ana munkawakwera pamiyendo kuwapempha, iwo n'kukupatsani, koma awiri omaliza ankakana zivute zitani. Unkawatcha aumbombo, ndipo tsiku lina unanyanyala osawalankhula mpaka madzulo. Awiri amenewo ndi anga. Anayamba kuwanyamula tsiku lotsatira maliro a ku Kande, ndipo sanasiyepo. Kutchalitchi amakhala kumapeto kwa benchi la amuna, pamene angandione. Ndikamachapa malaya awo ndimawatulutsa, akauma ndimawabwezera, ndipo sitinakambiranepo za zimenezi. Munthu uja anamva anthu akunena mkazi wake chidakwa kumalo okokera makoka, anakhala chete chifukwa ine ndinamupempha. Ndinamusenzetsa katundu wolemera, ndipo sindikudziwa ngati ndinachita bwino kumuuza iye yekha. Koma ndili moyo chifukwa cha iye.

Ndiye funso limene likundizunguza kuyambira pamene ndamasula kampango kaja ndi ili: ku Kepi adzakunyamulira maswiti ndani? Ndatuma kale kukagula paketi kugolosale, ndaika ena m'thumba lililonse la zovala zako, ngakhale m'jekete. Koma shuga akatsika kwambiri munthu sukumbuka kuti uli ndi thumba. Pamafunika wina woti akuone nkhope n'kudziwa. Ndiye umupeze, Wezi, kaya ndi azakhali ako, kaya mnzako wa kutchalitchi, kaya mayi wa ku Zimbabwe wogwira ntchito nyumba yoyandikana nayo. Asachite kukhala wa mtundu wako. Umuuze zizindikiro zake ndi chochita. Ukamupeza unditumizire dzina lake, kuti ndizilitchula popemphera.

Sindikuletsa ulendo. Ndinaganizako zobisa pasipoti yako m'chitini cha mabatani, ndisaname, koma mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo matendawa anthu amakalamba nawo. Ine ndi uyu, ndikusitabe. Chimene sindikufuna ndi chakuti unyamule chinthu ichi wekha kudutsa malire atatu, monga ndinachinyamulira ine kuchoka pa Kande kufika pano.

Maganizo anga anali oti kalatayi ndiipinde, ndiilowetse m'thumba lomwelo pamodzi ndi kampango kako, mfundo ziwiri ndimangenso mmene zinalili, kuti ukaipeze basi itadutsa kale Dwangwa. Ukanalira wekha pawindo, ine ndikanalira ndekha kuno, tikadzakumana n'kumapatsana moni ngati palibe chinachitika. Ndaona kuti kumeneko n'kubisa komwe kuja, kwangovala malaya ena. Ndatopa nako.

Ndatsitsa chitini cha mabatani. Mapiritsi anga ndawaika pamwamba pa siketi yako, pambali pa ako, ndipo kalatayi ndiika pakati. Folo yatsala pang'ono, ndikukuona pa zenera ukulonjerana ndi mlonda pageti. Miyendo ikundiuza kuti ndithawire kokayanika matawulo, koma sindipita. Sindikudziwa ngati undikalipire chifukwa cha zaka zonse zija, ndipo ukatero sindikuletsa. Ukafika pa mzere uno, dzutsa mutu. Ndakhala pa mpando uli pakhomowu, ndipo sindinadye, ndikudikira kuti tidye limodzi.

Ndine mayi ako.